Kiyi wa Vitz wagona m'madzi a sopo, ndithandizeni

Lolemba m'mawa

Nachisale wa ku 25: Mwadzuka bwanji nonse pa gulu pano. Ndithandizeni abale anga, mutu waima. Kiyi wa Vitz yanga, uja wongodina batani poliza galimoto, wagona m'beseni la zovala usiku wonse. Anali m'thumba la jinzi, ndiye mwana ananyika zovala dzulo madzulo m'madzi a sopo waufa kuti achape m'mawa uno. Tamupeza pofinya. Ndikadina, kanyali kofiira kaja sikakuyaka, galimoto nayo ili duu, zitseko zokhoma. Kiyi ndi yekhayu, galimotoyi inabwera choncho kuchokera ku Japan. Pali chiyembekezo kapena ndiyambe kusaka ndalama?

Bambo a Yankho: Pepani kwambiri mayi. Mukwirireni mu mpunga wosaphika, mawa adzuka ameneyo. Foni yanga inagwerapo mu ndowa, mpunga ndi umene unaipulumutsa.

Sienta wa Dedza: Dzuwa lawala lero. Muikeni pa malata mpaka masana, madzi onse atuluka.

A Phiri a ku Biwi: Mayi, musanachite china chilichonse, lekani kudina mabataniwo ndipo chotsani batire pompano. Za mpunga ndi dzuwa tikamba bwino pambuyo. Pambali pa kiyiyo pali kachotsekera kakang'ono, kakanikizeni n'kusolola kakiyi kachitsulo kamene kali mkati. Pamene katulukapo muona kampata. Lowetsani sikuludalaiva yaing'ono yafulati, mutaikulunga kansalu kumapeto, n'kupotoza pang'onopang'ono. Chikuto chigawanika pawiri. Mkatimo muli kabolodi kobiriwira ndi batire lozungulira ngati ndalama yachitsulo. Litulutseni.

Nachisale wa ku 25: Ndatsegula bambo. Madzi atuluka ndithu, a thovu. Batire ndachotsa, lalembedwa CR1632. Pa tizitsulo timene timagwira batire pali zoyerayera ngati ufa, pena pobiriwira.

A Phiri a ku Biwi: Mwachita bwino. Zoyerazo ndi zobiriwirazo ndiye dzimbiri layamba kale. Anthu ambiri amaganiza kuti madzi ndi amene amapha kiyi, koma chimapha msanga ndi madzi akakumana ndi magetsi. Kiyi wa mtundu umenewu sagona. Ngakhale ali m'thumba amakhala akumvetsera ngati galimoto ikumuitana, ndiye magetsi a batire amayendabe pa kabolodiko usana ndi usiku. Madzi a sopo amadutsa magetsi bwino kwambiri, tsono magetsiwo amayamba kudumpha kuchoka pa kanjira kena kupita pa kena, uku akudya kopa wa tinjirato. Usiku wonse ndi nthawi yaitali, sindikunamizani, komabe ndaonapo makiyi oipa kuposa ameneyo akudzuka. Batire lakalelo musalibwezeremonso.

Mayi a Chisomo: Ndine namwino, ndiloleni ndilowererepo pang'ono. Batire mwachotsalo musalisiye pa tebulo kapena pa windo ngati pakhomopo pali ana aang'ono. Mwana akameza batire lotere n'kukakamira pakhosi, limatha kuwotcha m'mero m'maola awiri okha, ngakhale likhale looneka ngati lakutha. Likulungeni ndi selotepi mbali zonse ziwiri, mulitaye kumene mwana sangafike. Zikachitika kuti wameza, musamusanzitse, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Nachisale wa ku 25: Zikomo achemwali, wanga wotsiriza ali ndi zaka ziwiri, chilichonse amaika kukamwa. Ndalimata kale. A Phiri, tsopano ndipukute ndi kansalu n'kuika mu mpunga muja?

A Phiri a ku Biwi: Ayi mayi, nthawi youmitsa sinakwane. Choyamba n'kutsuka. Chotsani kabolodiko m'chikuto, muchotsenso kamphira ka mabatani. Kabolodiko katsukuluzeni ndi madzi a distilled, aja timathira m'batire la galimoto, amapezeka ku filling station ndi m'masitolo a sipeya. Chonde werengani botolo musanagule. Pali madzi a batire a mitundu iwiri, ena ndi madzi enieni, ena ndi asidi wodzazira batire latsopano. Wa asidiyo akakhudza kabolodi, nkhani yathera pomwepo.

Bambo a Yankho: Aaa a Phiri, chinthu chanyowa kale ndiye tichiviikenso m'madzi? Pamenepo ine ndiye sindikumvetsa.

A Phiri a ku Biwi: Funso labwino bambo. Batire litachoka, madzi oyera sangawononge kanthu pa kanthawi kochepa. Mdani watsala pamenepa ndi sopo. Mukaumitsa osatsuka, madzi apita koma sopo atsalira pakati pa timiyendo ta kachipi, kachinthu kakuda kamene ndi ubongo wa kiyi, ndi pansi pa mabatani. Sopo wouma uja amakoka chinyezi cha mumpweya, monga umachitira mchere m'dzinja, umanyowa wokha uli m'botolo. Kiyi atha kugwira ntchito sabata ino, mwezi wamawa n'kuferatu, inu n'kumadabwa kuti chachitika n'chiyani.

Wa Mafoni ku Limbe: A Phiri akunena zoona. Ine ntchito yanga ndi ya mafoni, ndipo mafoni ogwera m'madzi amene amandivuta kwambiri ndi aja eni ake anawasunga mu mpunga masiku angapo batire lili momwemo. Pofika kwa ine dzimbiri limakhala litadya kale. Mpunga suyamwa madzi amene ali pansi pa kachipi, ndipo fumbi lake limalowa m'mabatani. Ngakhale a Apple analemba pa tsamba lawo kuti iPhone yonyowa isaikidwe mu mpunga chifukwa tizidutswa take tingaononge foni, nkhaniyi inamveka kwambiri mu 2024. Foni ya Bambo a Yankho ndikhulupirira inauma yokha ndi mpweya, ikanaumanso chimodzimodzi ili pa tebulo.

Bambo a Yankho: Mwina n'zoona, koma ine ndinaona ndi maso anga ikuyaka.

Wa Mafoni ku Limbe: Sindikutsutsa kuti inayaka bambo. Madzi a mu ndowa ndi oyera, foniyo mwinanso munaivuula msanga. Apa tikukamba za sopo waufa, usiku wathunthu. N'zosiyana.

Nachisale wa ku 25: Ndatuma mnyamata ku filling station. Akabwera ndikatsukuluza, kenako?

Wa Mafoni ku Limbe: Kenako pakufunika isopropyl alcohol, wa 90% kupita m'mwamba, wa 99% ndiye wabwino koposa. Funsani ku ma pharmacy akuluakulu kapena kwa ogulitsa zipangizo za mafoni ndi makompyuta. Thirani pang'ono m'kambale koyera, muviikemo kabolodiko, mutenge mswachi wakale wofewa muzikwecha mopepuka mbali zonse ziwiri, makamaka mozungulira kachipi kakuda kaja ndi pa tizitsulo ta batire mpaka zobiriwirazo zichoke. Pali kachinthu kena kamakona anayi kokulirapo, kamene mkati mwake muli waya wopyapyala kwambiri wokulungidwa, timati koyilo, ndiko kamamva kuitana kwa galimoto. Pamenepo musakanikize. Ubwino wa alcohol ndi wakuti amasakanikirana ndi madzi otsalira n'kuuluka nawo limodzi.

Sienta wa Dedza: Nanga sipiriti wapepo uja sangathandize? Amapezeka paliponse. Kwathu kuno ena amatsukira kachasu.

Wa Mafoni ku Limbe: Kachasu ayi achimwene, muli madzi ambiri ndi zina zosadziwika. Sipiriti wapepo ndi wongogwiritsa ntchito pakasowa pogwira, chifukwa utoto wake umatsalira pa bolodi. Sanitizer wa m'manja ndiye musayerekeze, amaikamo glycerine, amasiya nembanemba yomata. Ndipo ndichenjezeretu, ambiri mwa ife okonza mafoni timatsukira thina. Pa kabolodi kokha amathandiza, koma akakhudza chikuto kapena kamphira ka mabatani amasungunula. Mukapita kwa wokonza mafoni muwauze asathire thina pa pulasitiki.

Mjomba wa ku Joni: WD-40 bwanji? Ine ndimathira paliponse pamene pachita dzimbiri.

A Phiri a ku Biwi: Pa bawuti ndi pa loko inde mjomba, pa kabolodi ayi. Imasiya mafuta, mafutawo amagwira fumbi ndipo mabatani amayamba kuphonya. Ngati mukufuna chopopera, gulani cholembedwa contact cleaner, chija chimauma osasiya kanthu.

Lolemba masana

Nachisale wa ku 25: Alcohol ndamupeza ku Old Town, wa 99%. Ndakwecha monga munanenera. Zoyera zonse zachoka, koma kachitsulo kamodzi kogwira batire kada, sikakuwala ngati kanzake. Chikuto ndi kamphira ndatsuka padera ndi madzi. Tsopano ndiumitse bwanji? Mlamu wanga akuti ndigwiritse ntchito draya ya tsitsi.

A Phiri a ku Biwi: Kachitsulo kakudako kapaleni pang'ono ndi labala wofufutira pensulo, kakakana mupale mopepuka ndi nsonga ya kampeni mpaka kawale, n'kupukutanso ndi alcohol. Draya ingathandize ngati ili ndi mpweya wozizira, muigwire patali. Mpweya wotentha ayi. Malata, mbaula, uvuni, zonsezo ayi, kutentha kumapinda pulasitiki ndi kumasula zomatira. Microwave ndiye imapsereza kachipi nthawi yomweyo. Ikani kabolodiko pa pepala loyera, m'chipinda mopita mphepo, ngati muli ndi fani muilozetse pamenepo. Mudikire maola 24, mukatha kupirira 48 n'kwabwino koposa. Pansi pa mabatani ndi pansi pa kachipi ndi pamene pamachedwa kuuma.

Mayi a Chisomo: Timapaketi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi m'mabotolo a mankhwala, tolembedwa kuti osadya, tingathandize?

Wa Mafoni ku Limbe: Ndi silica gel ameneyo, amayamwa chinyezi bwino kuposa mpunga. Mukakhala nato tambiri, ikani pamodzi ndi kabolodi m'kontena yotseka bwino. Koma timene takhalitsa panja timakhala titakhuta kale chinyezi, ndiye kwa Nachisale fani ndi yodalirika.

Nachisale wa ku 25: Vuto langa ndi la mawa. Ndimagwira ntchito ku Kanengo, ana awiri sukulu yawo ili kwina. Maola 48 ndiye kuti mpaka Lachitatu. Komanso chikwama cha mwana cha mabuku chili m'galimotomo.

Sienta wa Dedza: Chikwama ndiye chosavuta achemwali. Kakiyi kachitsulo munasolola kaja kamatsegula chitseko cha dalaiva. Ambiri sadziwa kuti kalipo. Pena loko amakhala wolimba chifukwa sanagwirepo ntchito chichokereni ku Japan, musakakamize, muzipotoza uku ndi uku pang'onopang'ono. Galimoto ikakhala ndi alamu itha kulira, musadzidzimuke.

A Phiri a ku Biwi: Ndipo pali china chimene chingakupulumutseni mawa m'mawa, chomwenso chitiuze ngati kiyiyu ali moyo. M'kiyimo muli zinthu ziwiri. China ndi rimoti, yotsegula ndi kukhoma zitseko, imeneyo imadalira batire. China ndi cha immobiliser, chimene galimoto imafunsa isanalole injini kulira. Chimenechi chimatha kuyankha popanda batire, chifukwa mozungulira batani loliza galimoto muli koyilo imene imachipatsa mphamvu kiyi akayandikira kwambiri. Ndiye mawa m'mawa, kabolodi katauma usiku wonse, kabwezereni m'chikuto opanda batire. Lowani m'galimoto, giya ili pa P, pondani buleki, gunditsani mbali ya kiyi imene ili ndi chizindikiro cha Toyota pa batani la START. Mukamva kulira kwa pii, dinani batanilo msanga phazi lili pa buleki.

Bambo a Yankho: Zoona zimenezi? Zaka zonsezi ndili ndi Fit ya push start osadziwa.

A Phiri a ku Biwi: Zoona bambo, zinalembedwa m'buku la galimoto, kungoti mabuku a magalimoto athuwa amabwera m'Chijapani. Pa Honda ndi Mazda zambiri njira yake ndi yofanana, mumagunditsa kiyi pa batani. Nissan zina zakale zili ndi kabowo kolowetsamo kiyi kumunsi kwa dashibodi pafupi ndi chiwongolero. Yesani pa yanu tsiku lina muli pakhomo, kuti tsiku la vuto musadzasowe chochita muli pa msewu.

Amfumu a Gulu: Uthenga wa a Phiri uwu ndaupachika pamwamba kuti aliyense aziuona. Ofunsa za matayala ndi za COF, dikirani kaye tithandize mayiwa.

Mjomba wa ku Joni: Nachisale musavutike. Kuno makiyi a Toyota ali mbwee, ogwiritsidwapo kale ntchito ndi otchipa. Ndikutumizireni mmodzi pa basi ya Loweruka, mungokamupanga pulogalamu kumeneko.

A Phiri a ku Biwi: Mtima wabwino mjomba, koma musagule kaye. Makiyi ofanana kunja sakhala ofanana mkati. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan rimoti yake imalankhula pa mafunde a pakati pa 312 ndi 315 MHz, pamene ogulitsidwa ku South Africa ndi ku Ulaya ambiri ali pa 433 MHz. Kiyi wa Yaris ya ku Joni sangamvane ndi Vitz yolowera pa Songwe, ngakhale galimotozo zikhale pachibale. Chachiwiri, smart key wa Toyota akalembetsedwa ku galimoto ina amakhala womangika kwa imeneyo, pamafunika makina omufufuta kaye asanalembetsedwe kwina, ndipo si aliyense ali nawo. Pa kabolodi pamakhala nambala yosindikizidwa. Ngati tifike pogula, nambala imeneyo ndi imene tidzatsate.

Mjomba wa ku Joni: Ndamva akulu. Ndikanawatayitsa ndalama mayiwa. Nachisale, jambulani nambalayo musunge, ikafunika mundiuze.

Dalaiva wa Beira: Ine ndiwonjezereko za madzi a mchere, poti ena mumapita ku Dar es Salaam kukatenga magalimoto n'kukasambako m'nyanja. Mnzanga wina wa thiraki anagwetsa rimoti m'madzi ku Beira, pofika madzulo tizitsulo tonse tinali titabiriwira. Madzi a mchere sapereka nthawi. Kumeneko mukachedwa ndi maola ochepa basi kiyi wapita. Ngati madzi a distilled palibe, tsukuluzani ngakhale ndi madzi akumwa a m'botolo, bola batire lichoke ndi mchere uchoke.

Wa ku Senga Bay: Kwathu kuno alendo amalowa m'nyanja kiyi ali m'kabudula pafupifupi sabata iliyonse. Mwayi wake nyanja yathu ilibe mchere, ambiri amadzuka akachotsa batire msanga. Amene amaferatu ndi a anthu amene amaima pa mchenga n'kumadina mabatani kambirimbiri kuti aone ngati akugwirabe.

Lachiwiri m'mawa

Nachisale wa ku 25: Abale anga, yalira! Ndachita ndendende monga a Phiri ananenera. Koyamba sinamve, ndinagunditsa mbali ya mabatani. Nditatembenuza, pii, kudina, injini n'kulira. Manja anali kunjenjemera. Ana ndawasiya kusukulu, ndili ku ntchito. Pa dashibodi pakuyaka kanyali ka kiyi, kaya n'koopsa?

A Phiri a ku Biwi: Tathokoza Mulungu mayi. Ndiye kuti kachipi kali moyo, chinthu chodula chapulumuka. Kanyaliko kakungodandaula kuti galimoto sikumuona kiyi mkatimo poti alibe batire, injini sizima pa msewu chifukwa cha zimenezo. Pokhoma gwiritsani ntchito kakiyi kachitsulo, muyese zitseko zonse ndi dzanja musanachoke. Mukafika kunyumba tsegulaninso chikuto, kabolodi kabwerere pa fani. Batire latsopano mawa madzulo.

Sienta wa Dedza: Batire mugule CR2032, ndi limene limakhalitsa.

Wa Mafoni ku Limbe: Ayi achimwene, agule lofanana ndi limene anachotsa. Manambalawo ndi miyeso. CR1632 ndi mamilimita 16 m'lifupi, kunenepa kwake 3.2. CR2032 ndi mamilimita 20, silingalowe m'malo mwa linzakelo. CR2025 limalowa pa malo a 2032 koma ndi lopyapyala, 2.5, ndiye limagwedera, kiyi n'kumagwira ntchito mwa apo ndi apo. Onsewa ndi a 3V. Latsopano lenileni pa mita limaonetsa 3.2 kapena 3.3. Mukagula, apempheni akuyezereni pomwepo, chifukwa mabatire ena a pa msika amakhala atakhalitsa padzuwa. Poika, onani mbali ya chizindikiro cha +, ndipo muligwire m'mbali, osati pamimba ndi zala zathukuta.

Bambo a Yankho: Kodi batire likachoka masiku awiri chonchi, kiyi saiwala galimoto yake? Wina anandiuza kuti pamafunika kupanganso pulogalamu.

A Phiri a ku Biwi: Saiwala bambo. Nambala zake zimasungidwa m'kachipi mosadalira batire. Pali magalimoto ena a ku Ulaya amene rimoti imafuna kuigwirizanitsanso ndi galimoto, koma pa Vitz mungoika batire basi. Wina akakuuzani kuti mulipire pulogalamu chifukwa chongosintha batire, funsani kwina kaye.

Gogo wa Corolla: Ana anga, ine yanga ndi yakale, kiyi wolowetsa n'kupotoza, wa mabatani awiri pamutu. Zimenezi zikundikhudzanso?

A Phiri a ku Biwi: Zikukukhudzani agogo, kutsuka ndi kuumitsa n'chimodzimodzi. Koma pa makiyi a mtundu wanuwo pali msampha wina. Ambiri kachipi ka immobiliser kamakhala pakokha, kakang'ono kwambiri, kakuda kapena kagalasi, kobisika pakona ya chikuto. Ikako madzi sikawaopa kwenikweni, koopsa n'kukataya. Munthu amatsegula kiyi panja, kachipi n'kugwera mu udzu iye osaona. Akabweza zonse, zitseko zikutseguka bwinobwino, injini ikuzungulira koma osalira. Ndalandirapo galimoto yochita kukokedwa chifukwa cha zimenezi, mwini wake atasinthitsa kale pampu ya mafuta kwina. Tsegulirani pa tebulo, mutayala nsalu yoyera. Ndipo mukamasintha chikuto chothyoka, kachipiko kasamukire m'chikuto chatsopano.

Gogo wa Corolla: Zikomo mwanawe, ndalemba m'kope.

Lachitatu madzulo

Nachisale wa ku 25: Ndaika batire latsopano, anandiyezera, linali 3.3. Kanyali kofiira kakuyaka. Ndikayandikira n'kugwira chogwirira chitseko ikutseguka yokha, kuliza ikulira kiyi ali m'chikwama ngati kale. Batani lokhoma likugwira. Koma lotsegula ndiye zii, ngakhale kanyali sikayaka ndikalidina. Kodi ndi chiyambi cha kufa?

Wa Mafoni ku Limbe: Ayi achemwali, limenelo ndi vuto laling'ono. Pansi pa kamphira pali timaswitchi tating'ono tachitsulo, mkati mwake muli kambale kopindika kamene kamati thapu mukadina. Sopo walowa m'menemo. Chotsaninso batire, dontheza alcohol dontho limodzi kapena awiri pa switchi yovutayo, muidine kambirimbiri ndi chikhadabo kuti alowe, mubwereze kangapo, mudikire ola limodzi iume. Mvetserani ngati ikulira thapu mofanana ndi inzake. Ikakanabe, wokonza mafoni aliyense wodziwa kuwotcherera atha kuichotsa n'kuikapo ina, timaswitchi timeneti timapezeka pa marimoti akufa. Mungomuuza asawombe mpweya wotentha pafupi ndi kachipi ndi koyilo ya pa kabolodi ija.

Nachisale wa ku 25: Ndadontheza, ndadina mpaka chala kuwawa. Poyamba inali yolemera, kenako yayamba kulira ngati inzake. Ndidikira ola lija.

Nachisale wa ku 25: Yagwira! Mabatani onse awiri. Ndayesa ndili pakhonde, galimoto ili ku geti, ikumva. A Phiri, achimwene a ku Limbe, nonse, ndilibe mawu. Mulungu akudalitseni.

Bambo a Yankho: Tasangalala nanu mayi. Ine ndagula kale botolo la alcohol ndaika m'kabati.

Wa ku Senga Bay: Wanga ndinamutsuka chonchi chaka chatha nagwira, koma kuyambira pamenepo batire silitha mwezi. Ndasintha mitundu yosiyanasiyana, chimodzimodzi. N'chiyani chimenechi?

Wa Mafoni ku Limbe: Pali pamene magetsi akudontha. Kawirikawiri ndi dzimbiri kapena zotsalira pansi pa kachipi kapena pa kakapasita kena, kachipangizo kakang'ono kosunga magetsi pa kabolodi, zikudya batire usana ndi usiku ngakhale simukudina. Wokonza ayeze ndi mita kuti kiyi akukoka magetsi ochuluka bwanji ali chete, amayenera kukoka tochepa kwambiri, ta ma microamp. Kutsukanso bwino kumathetsa nthawi zina, pena mpaka kusintha kakapasitako. Onaninso pamene mumasunga kiyi usiku. Akakhala pafupi ndi TV, chaja, laputopu kapena pafupi kwambiri ndi galimoto yomweyo, amangodzukadzuka, batire n'kutha msanga. Nachisale, inunso mukhale tcheru masabata akubwerawa. Mukaona kuti mukufunika kuyandikira kwambiri kuti galimoto imve, kapena batire latha msanga, musadikire.

A Phiri a ku Biwi: Mayi, ndikupempheni chinthu chimodzi, ndipo ndikunena ndi mtima wonse. Kiyi ameneyu wadzuka, koma wagona m'sopo usiku wathunthu, sitingadziwe kuti tinjira take tadyeka motani. Pangitsani wachiwiri mwezi uno akadali moyo. Pakakhala kiyi mmodzi wogwira ntchito, kulembetsa wina n'kosavuta, amalumikiza kompyuta pa soketi ya OBD pansi pa chiwongolero, galimoto imavomereza kiyi wakale n'kulandira watsopano, ntchito yosafika ola. Makiyi onse akafa, ndi nkhani ina. Galimoto ichite kukokedwa kapena katswiri abwere kwanu, pena mpaka kumasula dashibodi kuti afike pa bokosi la immobiliser, ndipo mtengo wake umakwera kangapo. Ndimamva chisoni ndikaona mayi kapena bambo wa taxi galimoto itaima sabata yathunthu chifukwa cha kanthu kokwana m'dzanja.

Sienta wa Dedza: Pamenepo a Phiri mwalasa. Ife a ma Sienta ambiri tikuyendera kiyi mmodzi, mvula ikugwa tikutsitsa katundu wa anthu, kiyi ali m'thumba la malaya. Ine ndimamuika m'kapepala ka pulasitiki kotseka pakamwa, amagwirabe ntchito ali momwemo.

Mayi a Chisomo: Ine ndinapangitsa wachiwiri kwa munthu wina mu tauni, patapita masiku wakale uja analeka kuliza galimoto. Kubwererako anati si vuto lake. Ndiye Nachisale musamale posankha munthu.

A Phiri a ku Biwi: Pepani achemwali. Zimachitika ngati wolembetsayo wafufuta makiyi onse m'galimoto n'kulembetsa watsopano yekha, kapena ntchito yathera panjira. Musanalipire, yesani makiyi onse awiri pamaso pake, mmodzimmodzi, winayo ali kutali ndi galimoto, mamita angapo. Aliyense atsegule, akhome, alize injini. Yesaninso njira yogunditsa pa batani ija ndi watsopanoyo. Kakiyi kachitsulo ka watsopano nako kadulidwe, mukayese pa chitseko, chifukwa ambiri amaiwala n'kupita ndi kosadula.

Nachisale wa ku 25: Ndamva zonse. Malipiro akangolowa ndiyamba ndi zimenezi. Ndipite ndi chiyani kumeneko?

A Phiri a ku Biwi: Galimoto yeniyeniyo, kiyi muli nayeyu, mapepala a galimoto ndi chiphaso chanu, chifukwa wa ntchito yolongosoka amafuna umboni kuti ndi yanu. Mutengenso chithunzi cha nambala ya pa kabolodi ija kuti akupezereni wofanana. Muwaimbire kaye foni muwauze chaka cha galimoto ndi kuti ndi ya ku Japan, aone ngati ali naye kapena achite kuitanitsa.

Mjomba wa ku Joni: Akasowa kumeneko munditumizire chithunzicho ku inbox, ndikafunse kwa ogulitsa zida za magalimoto a ku Japan kuno. Basi imanyamuka Loweruka lililonse.